Funsani Akatswiri a Mpira: Kaputeni Wakula, Azisewerabe Kapena Apume?

Makalata ambiri a ulendo uno akuzungulira nkhani imodzi. Kaputeni watumikira timu zaka zambiri, wakwanitsa chiwerengero chachikulu cha masewero kapena zigoli, walandira ulemu wake, koma ochemerera agawikana: ena akuti popanda iyeyo timu ilibe mutu, ena akuti miyendo yake yatha ndipo akutsekereza achinyamata. Makalatawa tawafupikitsa kuti mayankho apeze malo.

A Mkonzi, kunyumba kwathu mtendere umasowa Portugal ikamasewera. Achimwene anga amati munthu yemwe wasewerera dziko lake masewero oposa 200 n'kumwetsa zigoli zoposa 900 sangakhale pa benchi ngakhale tsiku limodzi. Ine ndimati Cristiano Ronaldo akuphinja anyamata. Akunena zoona ndani? — Wokonda Portugal

Simukumvana chifukwa aliyense akuyankha funso lake. Achimwene anu akuyankha loti Ronaldo wachita zotani chiyambire kusewera mpira, ndipo pamenepo palibe angawatsutse. Pa 20 Juni 2023 adakhala mwamuna woyamba kusewerera dziko lake masewero 200, ndipo tsiku lomwelo ku Reykjavik ndi iyeyo adamwetsa chigoli chokhacho chomwe Portugal idagonjetsera Iceland, pa mphindi ya 89. Mu Sepitembala 2024 adamwetsa chigoli chake cha 900 pokumana ndi Croatia. Inu mukuyankha funso lina: pa masewero akubwerawa, ndani angapindulitse timu kwambiri m'mphindi 90? Mphunzitsi amalembedwa ntchito kuti ayankhe funso lanuli, ndipo zigoli za zaka khumi zapitazo sizimuthandiza kuliyankha.

Komabe musafulumire kusangalala, umboni uli mbali zonse. Pa Chikho cha Dziko Lonse cha 2022 ku Qatar, mphunzitsi Fernando Santos adamukhazika pa benchi pokumana ndi Switzerland. Gonçalo Ramos, wa zaka 21, adalowa m'malo mwake n'kumwetsa zitatu, Portugal ipambana 6-1. Patangopita masiku anayi, Ronaldo atayambiranso pa benchi, timu yomweyo idakanika kuboola mpanda wa Morocco ndipo idatuluka ndi 1-0. Ku Euro 2024 adayamba masewero onse asanu koma sadamwetse, kupatula pa mapenate olekanitsa matimu, ndipo Jan Oblak wa Slovenia adamukaniza penate m'nthawi yowonjezera. Mu Juni 2025, ali ndi zaka 40, adamwetsa chigoli chopambanira kwa Germany mu semifainolo ya Nations League, n'kudzamwetsanso chofananitsa mphamvu 2-2 kwa Spain mu fainolo yomwe Portugal idatenga chikho pa mapenate.

Ife tikuona chonchi. M'bokosi, Ronaldo pa msinkhu umenewu amadziwabe pomwe mpira ugwere wotchinga kumbuyo asanadziwe, ndipo luso limeneli silitha msanga. Kunja kwa bokosi ndiko timu imalipira: sangapanikize otchinga kumbuyo a adani mphindi 90 ngati mnyamata, choncho anzake awiri kapena atatu amathamanga mowonjezera. Pokumana ndi timu yomwe yadzitsekera kumbuyo, pomwe mipira yambiri ikhala yoponyedwa m'bokosi kuchokera m'mbali, mtengo umenewu ndi wochepa ndipo ndi bwino ayambe. Pokumana ndi timu yodziwa kuyamba mpira kuchokera kwa goloboyi, mtengowo umakwera, ndipo angathandize kwambiri atalowa mphindi 30 zomaliza.

Ndipo kumbutsani achimwene anu chinthu chimodzi chomwe ambiri adaiwala. Tsiku la 6-1 lija, lamba wa ukaputeni adavala Pepe, yemwe anali ndi zaka 39, wamkulu kuposa Ronaldo, ndipo adamwetsa chigoli chachiwiri ndi mutu pa kona. Santos sadachotse munthu chifukwa cha zaka. Adachotsa wosewera yemwe ntchito ya malo ake tsikulo inkafuna liwiro.

Anzanga amangotchula zigoli, ine ndimangotchula zaka, palibe amagonja. Kodi pali njira yoti munthu wamba ngati ine, wopanda makina a akatswiri, ndiyezere ngati kaputeni wathu akadali wothandiza? — Wotopa ndi mikangano

Ilipo, imangofuna pepala, cholembera ndi kudekha. Yambani ndi masamu. Chiwerengero cha zigoli za nyengo yonse chimanamiza chifukwa osewera sasewera mphindi zofanana. Tengani mphindi zonse zomwe wasewera, gawani ndi 90, mupeza masewero athunthu. Tiyerekeze kuti kaputeni wamwetsa 15 m'mphindi 2,700. Amenewo ndi masewero 30, kutanthauza theka la chigoli pa masewero alionse. Tsopano chotsani mapenate, chifukwa kaputeni nthawi zambiri ndiye amamenya, ndipo mwa mapenate anayi alionse pafupifupi atatu amalowa ngakhale womenya ndi wina. Ngati 6 mwa 15 aja anali mapenate, zatsala 9, zomwe ndi 0.3 pa masewero. Mnyamata wa pa benchi yemwe wamwetsa 6 m'mphindi 900 ali pa 0.6, kuwirikiza kawiri. Chenjerani pamenepa: mphindi 900 n'zochepa, ndipo wolowa mochedwa amapeza adani atatopa kale. Musamukweze mnyamatayo kumwamba asanayambe masewero angapo motsatizana.

Kenako onerani masewero asanu, awiri mwa iwo akhale olimbana ndi matimu amphamvu, chifukwa timu yofooka imabisa ukalamba wa aliyense. Pa masewerowa siyani kutsatira mpira, tsatirani munthuyo. Pali zinthu zinayi zoti muzilemba.

Masekondi asanu oyamba timu yanu ikangolandidwa mpira, iye akutani? Akuthamangira mpira, akutseka njira yopatsirana, kapena wakweza manja kudandaula? Lembani kangati pa chilichonse.

Ndani akumugwirira ntchito? Ngati kaputeni ndi wotchinga pakati, onani fulubaki wa mbali yake. Akaleka kukwera kukathandiza kutsogolo, dziwani kuti wauzidwa kuti asamusiye yekha mkuluyo, ndipo timu yataya chida chimodzi chomenyera nkhondo. Ngati ndi wapakati, onani ngati mnzake akungokhalira kutseka mabowo.

Mzere wa otchinga kumbuyo waima pati? Bwalo lalikulu limatalika pafupifupi mamita 105. Timu yofuna kupanikiza adani imaimika mzerewu pafupi ndi pakati pa bwalo, kumbuyo kwawo kumatsala mamita 40 kapena kuposerapo oti wothamanga angadutsemo. Wotchinga yemwe sakhulupiriranso liwiro lake amabwerera m'mbuyo mamita asanu, kenako khumi, mwina osazindikira n'komwe, ndipo anzake amamutsatira kuti msampha wa ofusayidi usasweke. Zotsatira zake, pakati pa otchinga ndi apakati pamatseguka bwalo lomwe adani amatembenukiramo momasuka. Ochemerera amanyoza apakati kuti agona, chonsecho vuto layambira kumbuyo.

Chomaliza, yerekezani mphindi 15 zoyamba ndi zomwe zimachitika ikadutsa mphindi ya 60. Mukaona akufika mochedwa pa mpira ndi sitepe imodzi, akuyamba kugwira malaya, akupalamula mafaulo omwe poyamba sankapalamula, mwapeza pomwe mafuta ake amathera. Imeneyo ndi mphindi yomwe mphunzitsi ayenera kumutulutsa.

Lembaninso zabwino mosakondera: mipira yomwe wapatsira kutsogolo n'kudutsa mzere wa adani, mipira yomwe walanda osagwa pansi chifukwa adaiwerenga kale, kangati waitana mnzake kuti abwerere pamalo. Mukapita kwa anzanu ndi pepala limeneli, mkangano usintha maonekedwe.

Amuna anga amati ukaputeni ndi kansalu chabe ka pamkono, ntchito yake ndi kusankha mbali masewero asanayambe basi. Ine ndimati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, timu imafuna munthu wotero. Malamulo amati chiyani? — Mayi wokonda mpira

Mayi, pa malamulo olembedwa bambowo ali pafupi ndi zoona, koma pa zochitika m'bwalo mwakhoza ndinu. Lamulo lachitatu la mpira limanena kuti kaputeni alibe ulemu kapena ufulu wapadera, koma ali ndi udindo pa khalidwe la timu yake. Kuyambira mu 2024, malamulo amakakamiza kuti timu iliyonse ikhale ndi kaputeni wovala lamba m'bwalo. Woyimbira akaponya ndalama, wopambana amasankha golo lomwe timu yake iyambe kumenyerako kapena kuyamba ndi mpira. Pa mapenate olekanitsa matimu ndalama imaponyedwa kawiri: koyamba posankha golo, kachiwiri kuti wopambana anene ngati timu yake iyambe kumenya kapena itsatire.

Udindowu wakula posachedwapa. Ku Euro 2024 bungwe la UEFA lidalamula kuti pa nkhani zikuluzikulu kaputeni yekha ndiye azilankhula ndi woyimbira, wina aliyense wothamangira kukamuzungulira aziona khadi yachikasu. Kaputeni akakhala goloboyi, timu imasankha wosewera wam'kati woti azimulankhulira. Mipikisano ina yambiri idatengera njirayi. Choncho kaputeni wodziwa kulankhula modekha amapulumutsa timu ku makhadi, ndipo wopsa mtima msanga amaiika m'mavuto kuposa kale.

Ntchito yaikulu ndi yomwe malamulo satchula. Timu ikamwetsedwa chigoli, mphindi zisanu zotsatira ndi zoopsa, mitu imatentha, aliyense amafuna kubweza yekha. Pamafunika wina woti auze anzake kuti augwire mpira, aupatsirane kangapo, mtima ukhale pansi. Pa kona pamafunika wonena yemwe amake ndani. Pa firikiki pamafunika woletsa anyamata atatu kulimbirana mpira. Kunja kwa bwalo, ndiye amanyamula madandaulo a osewera kupita nawo kwa mphunzitsi, amalandira obwera kumene, ndipo timu ikagonja amapita kukayankha atolankhani kuti wachinyamata yemwe walakwitsa asaonekere.

Pali nthawi zinanso zomwe nzeru za zaka zimaonekera poyera. Mu fainolo ya Euro yomwe idaseweredwa mu 2021, mphindi 90 zitatha, Bukayo Saka wa England adamudutsa Giorgio Chiellini m'mbali mwa bwalo. Kaputeni wa Italy, wa zaka 36, adadziwa kuti pa liwiro sangamupeze. Adamukoka kolala ya malaya n'kumugwetsa pafupi ndi pakati pa bwalo, kutali ndi golo, n'kulandira khadi yachikasu. Sitikuyamikira faulo, koma taonani kuwerenga kwake: adadziwa malo, nthawi ndi chilango chomwe angalandire, zonse m'kaphindi kamodzi. Italy idatenga chikho pa mapenate. Chokhacho tingawavomereze bambowo n'choti zonsezi munthu angazichite ngakhale alibe lamba, ndipo matimu olimba amakhala ndi otere atatu kapena anayi.

N'chifukwa chiyani magoloboyi ndi otchinga kumbuyo amafika zaka 40 akusewerabe, pomwe apambali amazilala akangodutsa 30? — Wophunzira zamasewero

Thupi silikalamba lonse pamodzi. Wosewera wam'kati amayenda makilomita 10 mpaka 12 pa masewero amodzi, ndipo mpweya woyendera mtunda umenewu umakhalitsa. Wa zaka 35 wosamala thupi angathe kumaliza makilomita omwewo. Chomwe chimayamba kuchoka ndi kuphulika kwa masitepe oyamba, liwiro la mamita 10 kapena 20, ndi kutha kubwereza liwirolo kachiwiri ndi kachitatu popanda kupuma. Liwiro lotere ndi kagawo kochepa ka mtunda wonse, koma zigoli zambiri zimabadwira pamenepo. Wapambali amadya ndi liwiro limeneli, ndiye likachepa pang'ono, fulubaki yemwe kale ankatsala m'mbuyo amayamba kumupeza.

Goloboyi ndi wotchinga pakati amaona bwalo lonse kutsogolo kwawo, ndipo kuima pamalo oyenera kumawachotsera mamita ambiri othamanga. Dino Zoff adanyamula Chikho cha Dziko Lonse mu 1982 ngati kaputeni wa Italy ali ndi zaka 40. Essam El-Hadary wa Egypt adagwira penate kwa Saudi Arabia pa chikho cha 2018 ali ndi zaka 45. Paolo Maldini adasiya mpira mu 2009 ali ndi zaka 40 atasewerera AC Milan masewero 902, koma onetsetsani kuti zaka zake zomaliza ankasewera kwambiri pakati pa otchinga, osatinso kumanzere komwe adatchukira. Ryan Giggs naye adachoka kumbali kulowa pakati pa bwalo, n'chifukwa chake adafika zaka 40 ku Manchester United.

Chachiwiri chomwe chimachepa ndi kuchira. Minofu imafuna maola 48 mpaka 72 kuti ibwerere m'malo pambuyo pa masewero olimba, ndipo wamkulu amakhala kumapeto kwa nthawiyi. Akasewera Loweruka, Lachitatu ndi Loweruka linanso, minofu ya kuseri kwa ntchafu ndi akatumba a m'miyendo ndiyo imayamba kukoka. Mnofu womwe udavulalapo kale ndiwo umavulalanso msanga. Chiellini yemwe tamutchula uja adatuluka atavulala ntchafu pokumana ndi Switzerland pa mpikisano womwewo, n'kujomba masewero awiri otsatira.

Ndimaphunzitsa timu ya ligi yaing'ono. Kaputeni wanga, wapakati wa zaka 36, wangokwanitsa masewero 300 ndi timuyi. Mpira amauonabe kuposa aliyense, koma tikalandidwa adani amadutsa pakati ngati palibe munthu. Ndimutani? — Mphunzitsi wothedwa nzeru

Aphunzitsi, musayambe ndi funso loti asewere kapena ayi. Yambani ndi loti kodi chomwe amakupatsani n'chokwanira kuti musinthe kaimidwe ka timu chifukwa cha iye. Ngati mipira yake ndiyo imabala mipata yambiri yomwetsera, yankho ndi inde, ndipo njira zake ndi zodziwika.

Mupatseni miyendo ya ena. Andrea Pirlo adachoka ku AC Milan ulere mu 2011 ali ndi zaka 32, ambiri akuti watha. Ku Juventus, Antonio Conte adamuika pakati cham'mbuyo, Arturo Vidal mbali ina, Claudio Marchisio mbali inayo, onse othamanga osatopa. Juventus idatenga ligi nyengo yomweyo osagonjako. Argentina pa Chikho cha Dziko Lonse cha 2022 idachita chimodzimodzi ndi Lionel Messi wa zaka 35: Rodrigo De Paul, Enzo Fernández, Alexis Mac Allister ndi Julián Álvarez ankathamanga kuti kaputeni wawo asunge mphamvu za pomwe mpira uli kuphazi kwake, ndipo adamwetsa zigoli 7. Kwa inu zikutanthauza kuti ngati mumasewera ndi apakati awiri, onjezani wachitatu. Wa zaka 36 m'gulu la awiri amasiyidwa poyera nthawi iliyonse mnzake akakwera. Malire ake ndi awa: timu ingathe kunyamula wosewera mmodzi wosathamangira mpira, koma awiri ayi. Ngati womwetsa zigoli wanu nayenso sabwerera, mmodzi mwa iwo ayambire pa benchi.

Fupikitsani timu. Kuchokera kwa wotchinga womaliza kufika kwa wakutsogolo pasapitirire mamita 30 mpaka 35 pomwe mulibe mpira. Mpata ukachepa, kaputeni wanu amateteza ndi maso, amadula mipira m'malo mothamangitsa anthu. Lamulaninso kuti mukamaukira, osewera osachepera atatu azitsala kumbuyo kwa mpira, ndipo mafulubaki asakwere onse awiri nthawi imodzi.

Yang'anirani mphindi zake. Malamulo tsopano amalola mipikisano kusintha osewera mpaka asanu pa maulendo atatu, osawerengera nthawi yopuma, ndiye funsani ngati ligi yanu imatsatira zimenezi. Ngati imatero, muli ndi njira ziwiri: ayambe n'kutuluka pa mphindi ya 60 kapena 65, kapena alowe chapamenepo adani atatopa. Francesco Totti ali ndi zaka 39 adalowa pa mphindi ya 86 Roma ikugonja 2-1 kwa Torino mu Epulo 2016, n'kumwetsa ziwiri, Roma ipambana 3-2. Sabata ya masewero awiri, musankhireni amodzi oti ayambe. Vincent Kompany sadafike ngakhale theka la masewero a ligi a Manchester City mu nyengo ya 2018/19, koma pa 6 Meyi 2019 anali wamphamvu mokwanira kuponya mzinga wa patali womwe udagonjetsa Leicester 1-0, ndipo City idatenga ligi ndi mapointi 98, Liverpool 97.

Pa zokonzekera, tsiku lotsatira masewero asathamange molimba, angoyenda, kupalasa njinga pang'ono kapena kusambira. Koma musalakwitse pomuchotsera liwiro lonse poganiza kuti mukumusamala. Mnofu womwe sudathamange mwamphamvu sabata yonse ndiwo umang'ambika tsiku la masewero. Pakati pa sabata, atatenthetsa thupi mokwanira, achite maulendo anayi mpaka asanu ndi limodzi a mamita 30 pafupi ndi liwiro lake lonse, akupuma mphindi ziwiri pakati. Onjezani zolimbitsa kuseri kwa ntchafu: agwade, mnzake amugwire akakolo, thupi likhale lowongoka kuyambira m'mawondo mpaka kumutu, azigwera kutsogolo pang'onopang'ono akudzigwira ndi ntchafu mpaka atafika pansi ndi manja. Ayambe ndi maulendo asanu kawiri, kamodzi kapena kawiri pa sabata, ndipo asachite kutatsala masiku awiri kuti asewere chifukwa poyamba zimasiya ululu.

Zimenezi zimalephereka pawiri. Poyamba, mphunzitsi akapanda kumuuza mwini wake dongosololi, mkuluyo amaona ngati akuchotsedwa mwakachetechete ndipo chipinda chovalira chimagawikana. Khalani naye pansi awiriwiri nyengo isanayambe, mumuuze masewero omwe mukumufunira ndi chifukwa chake. Kachiwiri, mphunzitsi amachita mantha kumutulutsa pa mphindi yomwe adagwirizana chifukwa ochemerera akuimba dzina lake. Mutulutseni ndithu. Mphindi 25 zowonjezerazo ndi zomwe zimadzakutayitsani masabata anayi.

Kodi kumuchotsa kaputeni pa mndandanda woyamba si kumulandanso lamba? Zingatheke bwanji munthu kutsogolera ali pa benchi? — Wochemerera wachikulire

Bambo, zimatheka, ndipo matimu akuluakulu azichitapo. Pali kaputeni wa kalabu, pali wovala lamba tsiku la masewero. Mu nyengo ya 2016/17 John Terry adali kaputeni wa Chelsea koma adasewera masewero 9 okha a ligi. Conte atasintha n'kuyamba kuimika otchinga atatu, César Azpilicueta, David Luiz ndi Gary Cahill, timu idapambana masewero 13 motsatizana ndipo padalibe chifukwa choisokonezera. Cahill ankavala lamba m'bwalo, Terry adakhalabe mkulu wa m'chipinda, ligi idabwera ndi mapointi 93.

Wayne Rooney ndiye chitsanzo chofanana kwambiri ndi mkangano wa makalata anuwa. Pa 21 Januwale 2017 adamwetsa chigoli chake cha 250 ku Manchester United, kuposa 249 za Bobby Charlton, pa firikiki ya m'mphindi zowonjezera kwa Stoke City. Tsiku la mbiri limenelo adachita kulowa kuchokera pa benchi. Mu fainolo ya Europa League mu Meyi chaka chomwecho lamba adayamba naye Antonio Valencia, Rooney adalowa masewero akutha, n'kunyamula chikho. Mu Julayi adabwerera ku Everton. Mbiri idamupatsa ulemu womuyenera, koma sidasinthe maganizo a mphunzitsi wake José Mourinho pa yemwe ayambe.

Kulanda lamba kwenikweni ndi nkhani ina, ndipo kuyenera kuchitika pa zifukwa ziwiri zokha: khalidwe, kapena pomwe timu ikumangidwa mwatsopano. Ku Arsenal, mphunzitsi Mikel Arteta adamulanda Pierre-Emerick Aubameyang mu Disembala 2021 chifukwa chophwanya mwambo wa timu. Mphunzitsi Paul Le Guen atatenga Cameroon mu 2009 adachotsa lamba kwa Rigobert Song n'kupatsa Samuel Eto'o. Chomwe sitigwirizana nacho ndi kuweruza munthu ndi cholakwa chimodzi. Song amakumbukiridwa ndi mpira womwe Mohamed Zidan adamulanda mu fainolo ya AFCON (chikho cha maiko a mu Africa) ya 2008 ku Accra, Mohamed Aboutrika n'kumwetsa chigoli chopatsa Egypt chikho. Nthawi imeneyo Song adali ndi zaka 31 zokha, ndipo ndi yemweyo adatsogolera otchinga omwe adaifikitsa Cameroon mu fainolo. Wa zaka 23 akalakwitsa chotero anthu amati aphunzira, wa zaka 31 amati wakalamba, chonsecho cholakwa n'chimodzi.

Taonani mbali inayo. Pa AFCON ya mu Januwale 2010 ku Angola, kaputeni wa Egypt Ahmed Hassan, wa zaka 34, ankasewera masewero ake a nambala 170 mu kotafainolo ndi Cameroon yomweyo. Adayamba ndi kudzimwetsa yekha. Akadaweruzidwa pa mphindi imeneyo, bwenzi akuti apume. Adabweza yekha chigolicho ndi shoti ya patali, n'kudzamwetsanso china m'nthawi yowonjezera, Egypt ipambana 3-1. Idatenga chikho kachitatu motsatizana ndipo Hassan adasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa pa mpikisanowo.

Kontirakiti ya kaputeni wathu ikutha kumapeto kwa nyengo. Akufuna zaka ziwiri, kalabu ikumupatsa chimodzi. Kodi si chipongwe kwa munthu yemwe wachita zambiri chonchi? — Wokhumudwa

Si chipongwe. Wosewera wa zaka 24 akalephera, kalabu imamugulitsa n'kubwezako ndalama. Wa zaka 35 alibe womugula, ndiye chaka chilichonse cha kontirakiti yake ndi ndalama yomwe kalabu iyenera kulipira ngakhale bondo litakana mwezi wachiwiri. Ndipo nthawi zambiri kaputeni amakhala m'gulu la olandira zambiri, malipiro omwe angasunge achinyamata awiri kapena atatu.

Njira yokomera onse ndi chaka chimodzi chokhala ndi mfundo yoti chiwonjezereke chokha akasewera masewero omwe agwirizana, tinene 20 kapena 25, malipiro a pamwezi atsikeko koma ndalama ya pa masewero alionse ikwere. Polemba mfundoyi anene momveka ngati kulowa kuchokera pa benchi kukuwerengedwa komanso mphindi zingati, chifukwa mikangano imabuka pomwe wosewera watsala ndi masewero awiri kuti akwanitse ndipo mwadzidzidzi waleka kusankhidwa. Luka Modrić adakhala zaka zake zomaliza ku Real Madrid akusaina chaka chimodzichimodzi mpaka pomwe adapita ku AC Milan mu 2025, ndipo Thiago Silva adafika ku Chelsea mu 2020 pa mgwirizano wa chaka chimodzi n'kukhalako zaka zinayi.

Kalabu isazengereze. Malamulo a FIFA amalola wosewera kusainirana ndi kalabu ina kontirakiti yake ikatsala ndi miyezi isanu ndi umodzi, choncho ngati nyengo ikutha mu Juni, zokambirana zikhale zitatha Januwale asanafike. Ndipo pa tebulo lomwelo akambiranenso za yemwe adzalandire lamba, kuti wachiwiri wake ayambe kuuvala pa masewero omwe mkuluyo akupuma.